Khadi la M'chitini cha Mabatani

Coulee Bend, Montana
16 February 2022

Wokondedwa mng'ono wanga Joleen,

Ndikudziwa kuti ukangoona dzanja langa pa envelopu mtima ugunda, uganiza kuti kuno kwagwa zovuta. Ayi, khala pansi, palibe wamwalira. Uli bwanji iweyo? Alamu anga a Devin ali bwanji? Nanga kamwana kathu Opal, kayamba kukwawa? Mano atuluka? Ndawerenga pazala, miyezi yakwana isanu ndi itatu, koma nkhope yake ndimangoidziwira pa chithunzi chimodzi chija unatumizira Adadi.

Kuno tili bwino, kupatula chisanu chimene chatiumitsa ngati nyama ya mufiriji. Adadi akudya bwino, akadali kumbali ya okalamba kuchipatala kwathu, m'chipinda chawo choyang'ana kunjanji, ndipo akulongolola monga mwa masiku onse, ndiye udziwe kuti mphamvu zilipo. Alamu ako a Curt nawo ali gwa.

Ndili ndi nkhani, Joleen! Yandiyabwa pakamwa kuyambira Lolemba. Katatu konse ndanyamula foni n'kuibwezanso, chifukwa tonse tikukumbuka mmene foni yathu yomaliza inathera. Kalata ndiye yabwino, sungandidule mawu ndipo ine sindingaimenyetse pansi.

Tsiku lija unandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndabayitsa katemera wa mliri uja, kuti ndibwere ku Oregon kudzanyamula mwana. Ine ndinakuyankha kuti ngakhale abwana anga lamulo la kuno siliwalola kundikakamiza kuyankha zimenezo, nanga iwe ndiwe ndani, iwe amene ndinkakusintha matewera? Iwe unati chabwino, ndikhale nalo lamulo langalo. Kuyambira pamenepo, zii.

Tsono imva zimene lamulo langalo latichita.

Ukudziwa kuti chaka chatha boma lathu la Montana muno, la ku Helena, linanena kuti bwana asayerekeze kuchotsa munthu ntchito chifukwa chokana katemera. Tauni yonse inavina. Kenako mu November boma lalikulu la ku Washington linabwera ndi lake, lakuti aliyense wogwira ntchito m'chipatala cholandira thandizo lawo abayitse, apo ayi thandizolo liima. Ndipo kachipatala kathu aka, pamodzi ndi mbali ya okalamba kumene ndimagwira ine, thandizo limenelo litaima katsekedwa mawa lomwe.

Abwana athu Mayi Tveit anaonda ife tikuona. Pabolodi la m'chipinda chomwera khofi anakhoma mapepala awiri, la ku Helena kumanzere, la ku Washington kumanja. Akati atifunse, akuopa Helena. Akati angokhala, akuopa Washington. Jaji wina kutali kummwera ataimitsa lamulo la ku Washington, anachotsa pepala lakumanja n'kulisunga m'kabati, amvekere, "Lisatayike ili, anthu amenewa sindikuwakhulupirira." Ife tinkati tikafika m'mawa, tisanavule n'majasi omwe, tiyambe taona pabolodi kuti lero tikumvera ndani.

Mapeto ake panalibe wofunsa mnzake. Aliyense anangotenga kuti tonse tinakana, chifukwa pakamwa tinkatero.

Wamkulu wa phokoso anali Duane Skogen. Ukumukumbuka, uja anakupempha kuti mupitire limodzi ku dansi ya kusukulu iwe n'kunama kuti wabinya phazi. Pano ndiye amakonza mapaipi ndi kukolopa chipale pakhomo la chipatala. M'mawa uliwonse ankaimirira ndi kapu yake ya khofi, amvekere, "Singano ya ku Washington? Adzandibaye nditagona m'bokosi!" Tonse m'manja, "Auze, Duane, auze!" Ndipo woseka mokweza kuposa onse ndinali ine. Ndinanyamulapo mpaka chikwangwani pamaso pa khoti la m'tauni muno, zala zitauma ndi chisanu.

Ndiye linafika Lachinayi lija la mu January. Tsiku limenelo ndinali pakhomo. Ndinangomva hutala kuchokera kumsewu, alamu ako akubwera ngati aperekeza ukwati. Analowa ndi nsapato zachipale mpaka kukhitchini, chipewa m'mwamba, akuti tawina Marlys, tawina, Khoti Lalikulu lawakaniza, palibenso wokakamiza makampani akuluakulu kubayitsa anthu awo! Kampani yawo ya mathanki a mafuta ili ndi antchito oposa zana, ndiye nkhaniyo inali yawo ndithu. Anatsegula firiji n'kutulutsa nyama ya gwape kuti tiwotche.

Vuto lake, wailesi ya m'galimoto anaizima nkhani ili pakati. Ine nditatsegula ya kukhitchini tinamva mbali yotsalayo, yakuti kwa ife a m'zipatala lamulo la ku Washington laima nji. Ukanawaona, Joleen! Anangoti chilili, nyama ili m'manja, n'kufunsa wailesiyo kuti kodi khoti lomwelo, tsiku lomwelo, nyumba imodzi malamulo awiri? Kenako anandigwira paphewa, akuti ndisadandaule, ndingosiya ntchito, iwo ndi mwamuna andisamala. Ine ndinangoti nanga Adadi aziwameta ndani.

Mayi Tveit anatulutsa pepala lija m'kabati n'kulikhomanso. Anatiuza kuti pofika Lolemba pa 14 February aliyense abweretse khadi la katemera, kapena alembe fomu yopempha kuti asabayitse pa chifukwa cha chipembedzo kapena matenda. Tilipo 31. Iwo ankayembekeza kuti oposa theka achoka, ndipo anali atayamba kale kuimba mafoni ku Billings kufunira okalamba athu malo. Ulendo wa maola asanu, Joleen. Dzina la Adadi ndinaliona ndi maso anga pamndandanda.

Lolemba linakwana. Tinasonkhana m'chipinda chodyera. Mayi Tveit anaika patebulo kadengu kaja timaikamo buledi, pambali pake bokosi la mapepala opukutira misozi, n'kunena kuti aliyense amene ali ndi khadi aponye mmenemo. Palibe anasuntha. Aliyense maso ali pansapato zake.

Mwadzidzidzi anadzuka a Bev, ophika athu aja. Anapisa dzanja m'bulauzi, khadi tulu! Akuliponya m'dengu amvekere, "Musandiyang'ane choncho inu, ndili ndi shuga ine." Asanakhale pansi wina wadzuka, lake likuchokera m'sokosi. Wina m'kachikwama ka magalasi. Wina anathamangira kugalimoto, lake linali pansi pa tayala la sipeya. Ndinayamba kuseka mpaka misozi!

Chimene chinatimaliza n'chakuti Mayi Tveit atayamba kuwerenga makadiwo mokweza, panalibe ndi limodzi lomwe la pachipatala pathu, pomwe katemera analipo waulere kuseri kwa chitseko. Ili la ku Williston, ili la ku Glendive, ili la ku Minot. Munthu aliyense anayenda maola awiri kapena atatu, ena mpaka kuoloka malire a North Dakota, atatsanzika kuti akukachotsa dzino kapena kukagula matayala. Tauni yonse mano anatiwawa chaka chimodzi!

Tinatsala tikuyang'ana Duane. Anakanda m'mutu, anakhosomola, kenako anavula chipewa chake chamafuta chija n'kusolola khadi m'kati mwake. La mu April, Joleen! Iyeyo ndiye anali woyamba pa tonsefe, ndipo anakabayitsanso yowonjezera. Chipinda chonse chinaphulika. A Bev akumufunsa kuti achimwene, bokosi lija munatulukamo bwanji? Iye osachita n'manyazi omwe, akuti, "Inu mumadziwa maboma awiri okha, Helena ndi Washington. Kwathu kuli lachitatu, mkazi wanga, ndipo kumeneko kulibe apilo."

Makadi anakwana 26. Anayi analemba mafomu. Mayi Tveit anakhala pansi n'kuyamba kulira, mapepala opukutira misozi aja anamaliza okha. Palibe wokalamba amene akupita ku Billings!

Koma pali chimodzi chimene chinandidula chimwemwe. Sherri, mnzanga amene takhala tikusambitsira limodzi okalamba zaka khumi ndi ziwiri, sanaseke. Anavula baji yake n'kuiika m'dengu pamwamba pa makadi athu. Anati fomu ya chipembedzo salemba chifukwa likhala bodza, iye amangoopa basi. Anandiyang'ana ineyo n'kunena kuti ankayesa tili limodzi. Mwa tonsefe, iye yekha ndiye ankanena zimene zinali mumtima mwake, ndipo ndi iye amene wachoka. Mpaka lero foni yanga sakuyankha, ndipo sindikumuda.

Ndikudziwa ukufunsa kuti nanga iwe Marlys unali mbali iti. Dikira, ndikufika.

Titabalalika ndinathamangira kwa Adadi kukawauza kuti sakusamuka. Ndinkayesa adumpha, koma anangoti ee, ndinkadziwa. Akuti munthu amene amanyamulidwa tsiku ndi tsiku mikono ya anthu amaidziwa. Pafupifupi aliyense wa ife linalipo tsiku limene anabwera akuwadzutsa ndi mkono wamanja wokha, wamanzere ataupanira m'nthiti, nkhope itakwinyika. Ngakhale Duane anabwera kudzamanga bedi ndi dzanja limodzi. Iwo ankangowerenga chamumtima, mmene ankawerengera mabogi nthawi imene ankagwira ntchito kunjanji.

Ndinawafunsa kuti bwanji osanena nthawi yonseyi. Amvekere, "Ndifunse kuti a ku Helena andimange?" Anaseka mpaka kutsokomola. Atamaliza anandigwira dzanja, nkhope itasintha, akuti, "Iwe linali Lachitatu, sabata limene Opal anabadwa. Unatsala pang'ono kundigwetsa." Anati mng'ono wako si bwana, si boma, anakufunsa ngati mayi wa khanda la masiku anayi. Ndipo anati asadzandionenso m'chipinda mwawo ndisanakulembere.

Ndiye ndi izi, Joleen.

Langa linali m'dengumo. Linachokera m'chitini cha mabatani cha malemu Amayi, mmene lakhala miyezi yonseyi. Ndinabayitsa ku Williston, koyamba mu May, kachiwiri pa 8 June. Iwe unaimba pa 10 June. Pamene ndinkakukalipira paja, foni ndinali nditaigwira ndi dzanja lamanja chifukwa lamanzere linali lisakukwera. Ndipo sindinabayitse chifukwa cha Washington, nthawi imeneyo anali asanalamule kanthu. Ndinabayitsa chifukwa cha Opal, kuti ndidzakhale woyamba kumunyamula.

Bwanji sindinanene? Alamu ako anali patebulo pompo akudya, ndipo anali asakudziwa. Komanso, ndisaname, mawu ako anandipweteka. Unandifunsa ngati kalaliki wa pawindo, ine amene ndinakulera Amayi atatisiya, ndiye liuma langa lija linakwera. Ndinati ndikuimbira mawa. Mawa linasanduka sabata, sabata linasanduka manyazi. Ndinkafuna kuti a Curt ndi tauni azinditenga wawo, iwenso uzinditenga wako. Mapanga awiri avumbwitsa, mng'ono wanga, ndipo ine ndavumbwa zenizeni. Zaka zisanu ndi ziwiri unadikira mwana ameneyu ine ndikupemphera nawe, n'kudzakusiya wekha pa nthawi yomusambitsa koyamba. Ndinalakwa. Undikhululukire.

A Curt ndinawauza Lamlungu titachoka kutchalitchi. Zinawapweteka, osati katemerayo koma kuwabisira. Masiku awiri tinkangopatsirana mchere osalankhulana. Lero m'mawa ndawapeza panja akupopa matayala. Osandiyang'ana, akuti iwo sabayitsa ndipo ndisawavute, koma msewu wa ku Oregon nyengo ino si woyenda munthu yekha. Akuti akandifikitsa pakhomo pako, iwo akaima panja, mwanayo ukawaonetsere pawindo, bola akaone ngati anatengera mphuno yakwathu.

Mayi Tveit andipatsa sabata yachiwiri ya March. Chofunda chimene ndinasokera Opal ndi tizigamba ta madiresi a Amayi chili m'kabati chipindire, ndipo ndikuopa kuti mapazi ake ayamba kale kutulukira kunsi. Ndikupempha, undilole ndibwere. Ukafuna ndivale masiki ndivala, ukafuna ndiyezetse ndisanalowe ndiyezetsa. Ukafuna kundikalipira kaye, undikalipire ndili pampando wako, mwana ali pamiyendo panga.

M'kalata muno ndaikamo kope la khadi lija. Uone madeti ake.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Devin ndi kwa apongozi ako. Adadi akuti utumize chithunzi china, chakalecho chatha ndi zala. Duane naye akuti moni, akufunsa ngati phazi lija linapola. Opal umupsompsone pachipumi, umuuze kuti ali ndi mayi ake aakulu ouma mutu amene amamukonda asanamuone. Mulungu akusungeni nonse, akupatse tulo ndi mphamvu.

Funso lako lija ladikira miyezi isanu ndi itatu, ndipo palibe lamulo limene likundikakamiza kuliyankha. Eya, Joleen, ndinabayitsa. Foni ili pafupi nane.

Ndine mkulu wako,
Marlys