Mendulo ya Abambo Yapezeka

Adelaide
Lamlungu, 8 Sepitembala

Okondedwa achimwene a Glenn,

Landirani moni wa mlongo wanu. Muli bwanji kwathuko ku Broken Hill? Msana uja ukuti bwanji, kapena mukukanabe kupita kwa dokotala monga mwa masiku onse? Nanga amayi ndi abambo adzuka bwanji? Ife kuno tili bwino, kupatula alamu anu a Kosta amene agwidwa ndi chimfine. Momwe akubuuliramo mungayese agweredwa ndi thanthwe mumgodi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Foni ya pakhomopo amayi ndiwo amayamba kuithamangira, ndipo yanu ya m'manja mumaikweza mawu moti ngakhale galu wa aneba amamva zonse. Nkhani ndili nayoyi isafike m'makutu mwa amayi. Khalani pansi kaye, achimwene. Mendulo ija ndaipeza!

Inde, yomweyo, ya siliva ija abambo anapata mu 1963 timu yawo itatenga chikho. Ija anapatsa amayi m'malo mwa mphete ya chitomero, amayi n'kukaiwotcheretsa kaphini kumbuyo kuti aziibaya pachifuwa, monga ankachitira atsikana otomeredwa ndi anyamata a mpira masiku amenewo. Ija abambo anakaipereka ku sitolo ya kaunjika ya kutchalitchi ili chibayire pajekete yobiriwira, akuti amathandiza kuchepetsa katundu m'nyumba.

Padutsa zaka zoposa makumi awiri koma amayi sanaiwale. Abambo akangosowetsa magalasi, funso ndi lomwe lija, loti kodi akaperekanso kutchalitchi. Ife timaseka, abambonso amaseka nawo. Koma pa Khirisimasi yapitayi, tili awiri pakhonde, anandiuza kuti nthabwala imeneyi imawapweteka, ndipo sakufuna kupita kumanda ndi mlandu wa jekete. Ndinangogwira dzanja lawo lonjenjemera lija mpaka amayi anatiitanira tiyi.

Inu mumanditcha wamisala chifukwa cha zibangili ndi maunyolo akale a siliva amene ndimagula ku okushoni. Mwaiwala kuti misalayi inayamba ndi kufunafuna menduloyi. Ndinkati ndikapita osaipeza, ndinkachita manyazi kubwera chimanjamanja, ndiye ndinkagulako kena kake. Alamu anu anayamba ndi kungondiperekeza, koma lero ali ndi kabati yodzaza mamendulo a anthu amene sanawaonepo n'kamodzi komwe, ndipo amawapukuta Lamlungu lililonse kuposa momwe amapukutira galimoto.

Kulakwitsa kwathu kunali kwakuti tinkaifuna pakati pa mamendulo. Otolera mamendulo akaona yowotcherera kaphini amati ndi yowonongeka, saiyang'ananso kachiwiri. Otolera zokongoletsera za amayi nawonso amati ndi chinthu cha mpira. Ndiye chinthu chotere chimangoponyedwa m'bokosi la zothyokathyoka, pamodzi ndi ndolo zopanda zinzake ndi masupuni opindika. Mabokosi amenewa amagula ndi anthu osungunula siliva.

Lachisanu linali tsiku loonera katundu pa nyumba ina ya okushoni kufupi ndi doko. Alamu anu anathamangira ku kabati ya galasi ya mamendulo, ine n'kumangozungulira. Pansi pa tebulo panali bokosi la nsapato lodzaza zothyoka zija. Ndinapisamo dzanja mongotaya nthawi, ndipo china chake chinandibaya chala mpaka magazi. Ndinatukwana chamumtima n'kuchitulutsa kuti ndichione chondibayacho.

Achimwene, kaphini kopindikira kumanzere! Kaja munakapinda inu muli mwana potsegulira chitini cha utoto, n'kunamizira mphaka. Ndisanaitembenuze n'komwe ndinadziwa. Kumbuyo, pansi pa dzimbiri lakuda, dzina la abambo lija lilipobe, M. Polglase. Ndinangokhala pampando wina wakale umene unali ndi chikwangwani choletsa kukhalapo.

Tsono ku okushoni kuli lamulo limodzi losalembedwa. Ukachikonda chinthu, nkhope isaonetse. Umachiyang'ana ngati chakunyansa, n'kuchibwezera pomwe chinali. Ndinachitadi zomwezo. Ndinaikankhira pansi penipeni pa bokosi, n'kuikapo masupuni pamwamba. Ndiye ndinakodola alamu anu n'kuwanong'oneza kuti asuzumire mwakachetechete.

Mukuwadziwa alamu anu. Munthu amene amakuwa ngakhale popempha mchere patebulo. Atangoiona anainyamula m'mwamba n'kufuula kuti, "Mayi a Eleni, iyi si mendulo ya apongozi iyi? Ndi yomweyo! Ndi yomweyo!" Nyumba yonse inatembenuka. Ndinawaponda phazi ndi chidendene, koma mawu anali atatuluka kale.

Mwa amene anamva munali a Hartwig, mkulu wina amene tonse timamutcha a Sikelo chifukwa sayenda opanda kasikelo m'thumba la malaya. Ameneyu sagula chinthu chifukwa cha kukongola. Amayeza kulemera, kugula, kusungunula, basi. Anabwera akumwetulira n'kundiuza kuti bokosi limenelo nayenso analiika kale m'maso, ndipo tikaonana mawa. Ndinamuyankha kuti ine zinyalala sindigula. Iye anangoyang'ana chala changa cha magazi n'kunena kuti zinyalala zake zikuoneka kuti zimaluma.

Loweruka tinalawirira, ine nditavala zasiliva zanga zonse zabwino monga ndimachitira pa tsiku la malonda, kuti ogulitsa adziwe kuti sindine mlendo. Bokosi lathu litafika, mayi wa kanyundo, woyendetsa malondawo, analitchula mongofuna lichoke, poyesa kuti palibe angalilimbirane. Ndinakweza nambala yanga kusonyeza kuti ndikulifuna. A Sikelo anakweza yawo. Ndinakwezanso, iwonso chimodzimodzi, osandiyang'ana n'komwe, akungotafuna payi ya nyama. Anthu anayamba kutembenuka kufuna kuona kuti m'bokosi la nsapato muli chiyani.

Mtengo unadutsa kulemera kwa siliva yense wa m'bokosimo, n'kudutsanso kawiri. Apo ndinadziwa kuti mkuluyu sakufuna bokosi ayi, akungondikwezera mtengo chifukwa wandiona kuti sindingasiye. Ndi masewera awo amenewo, kuti tonse ang'onoang'ono tiziopa kulimbana nawo. Ndalama zanga zinatha, ndinalowa za alamu anu zimene anasungira mendulo ina, nazonso zinayandikira kutha.

Pamenepo alamu anu anandigwira mkono, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane ananong'ona. Anati ndimusiyire, limugwere yekha, chifukwa munthu wa sikelo sangapite kunyumba ndi bokosi lodula chotere, atifunafuna yekha panja. Ndinatsitsa dzanja. Mayi wa kanyundo anandiyang'ana, ndinapukusa mutu. Kanyundo kanagunda, bokosi n'kupita kwa a Sikelo. Payi ija inawatsamwa mpaka munthu wina anawamenya pamsana.

Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinali nditangotaya mendulo ya abambo ndi dzanja langa lomwe. Ndinauza alamu anu kuti ikakalowa mumphika wosungunulira, iwonso akalowe momwemo.

Panja tinawapeza a Sikelo atatsamira kagalimoto kawo ka katundu, bokosi lili paboneti, nkhope ili gwaa. Sanadikire n'komwe moni. "Mwandichenjerera eti, mayi? Chabwino. Bwezani zonse ndalipirazi, apo ayi kamendulo kanuka Lolemba kasanduka madzi." Ndinawauza kuti ndalama zotere ndilibe, ndipo bokosi lonse sindikulifuna. Ndinawafotokozera za abambo, za jekete, za amayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa kasikelo, kuikapo mendulo, n'kunena kuti nkhani yanga ndi yabwino koma sikelo sinasunthe.

Mkwiyo umene unandigwira, achimwene, ndi uja wa amayi. Ndinavula chibangili changa chachikulu chija, chojambulidwa masamba a mpesa, choyamba kugula pa zonse ndili nazo, n'kuchiponya pasikelo yawoyo. Ndinati popeza nkhani samva, amve kulemera. Anayang'ana manambala n'kukhosomola, akuti sizinafike. Ndinavula unyolo wa m'khosi. Akuti tayandikira. Ndinavula ndolo zonse ziwiri, anthu atatizungulira ngati pali ndewu, mayi wina akukuwa kuti, "Musavule zambiri, mayi, kuno n'kumsewu!"

Alamu anu nawo anapisa m'thumba n'kuwonjezerapo mendulo yawo imene amayenda nayo pa makiyi. A Sikelo anaiyang'ana n'kuwabwezera, akuti imeneyo ndi mkuwa wopaka, anawapusitsa amene anawagulitsa. Mpaka lero alamu anu sakufuna kuti nkhani imeneyi itchulidwe, ndiye mukadzakumana muitchule.

Pomaliza mkulu uja anasonkhanitsa zanga zija, n'kundiponyera mendulo m'manja. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti chibangilicho asachisungunule, achigulitse kwa munthu woti azichivala. Anati aona. Atalowa m'galimoto anatsitsa galasi n'kufunsa kuti abambowo ankasewera malo ati m'bwalo. Nditamuuza kuti kutsogolo, anati n'chifukwa chake mwana wawo sadziwa kubwerera m'mbuyo, n'kuliza galimoto.

Ndinabwera kunyumba khosi lili lopanda kanthu, makutu opanda kanthu, koma ndikuimba njira yonse. Musandimvere chisoni. Zinthu zija ndinkazigula chifukwa chosowa ichi, ndiye zagwira ntchito yake. Menduloyo ndaitsuka pang'ono chabe ndi nsalu yofewa. Alamu anu amafuna aitengere kwa mmisiri akawongole kaphini, ndawauza kuti akangoyerekeza adzagona m'galaja. Amayi ankadandaula zaka zonse zija kuti kamawabaya, ndipo ndikufuna kadzawabayenso kuti adzakhulupirire kuti ndi yomweyo.

Zina za kuno ndi zazing'ono. Denga la kukhitchini layambanso kudontha, ndipo Eleni wasintha maganizo kachitatu pa za maphunziro ake, tsopano akuti akufuna za zinyama. Tidzakamba tikadzabwera.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Mwezi wamawa amayi ndi abambo akukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ali pabanja. Ife tidzafika dzulo lake, tidzanyamuka m'mawa kuti tisalimbane ndi makangaru, nyama zija zimadumphira pamsewu kukamada. Menduloyi sindikufuna ndidzapereke ine, kapena inu. Adzapereke abambo okha, ndipo adzaibaye okha pachifuwa pa amayi, monga anachitira poyamba paja.

Koma manja aja mukuwadziwa. Pa Khirisimasi analephera kumanga batani la malaya, anakana kuthandizidwa, mpaka anakakhala kuchipinda ali okhumudwa. Sindikufuna zimenezo zidzachitike pamaso pa anthu. Ndiye muwauze nkhaniyi muli awiri, mwina mukamapita nawo kometa. Mukatero mugule phini yaikulu yotsekera, muipinde pang'ono kumanzere, poti ntchito imeneyo mumaidziwa kale. Mupachike jekete yakale pampando m'shedi mwanu muja, ndipo tsiku lililonse mukaweruka muziwatenga akayeserere kubaya ndi kutseka. Akalephera musawathandize, muzingowauza ayambirenso. Amayi akafunsa, muziti mukukonza njinga.

Akafuna kulira, asiyeni alire m'shedi momwemo, kuti pa tsikulo adzakhale atamaliza. Ndipo muwauze kuti ndati amayi akadzangofunsanso funso lawo lija, ulendo uno yankho ali nalo. Adzati inde anakapereka kutchalitchi, koma akatenganso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Noelene, muwauze kuti chinsinsichi ndawakhulupirira nacho iwo kuposa inu. Moni kwa ana onse, kwa azakhali a Beryl, ndi kwa amalume a Des ngati akumvabe. Amayi muwapsompsone pa tsaya osanena chifukwa chake. Abambo muwagwire dzanja m'malo mwanga. Alamu anu akuti moni ali pansi pa bulangete, Eleni nayenso akupereka moni kwa agogo ake.

Kalatayi mukawerenga musaisiye m'thumba la jekete. Pabanja pathu majekete ali ndi mbiri yoipa.

Ndine mlongo wanu wokukondani, wa chala chomanga bandeji,

Raelene