Malume Akana Kusaina Fomu ya Nyumba

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo miyendo ija yaleka kuvuta. Kuno kunja ku Finglas tilipo, kungoti mdzukulu wanu Tadala akutsokomola ndi kuziziraku.

Lolemba ndinapita ku khonsolo kukapempha thandizo la lendi. Mayi wa pa desiki atamva kuti mwini nyumbayi ndi malume anga, anaika cholembera pansi. Akuti kukhala m'nyumba ya wachibale sikulepheretsa thandizo, koma pamafunika umboni woti ndi lendi yeniyeni: pangano losainirana ndi mapepala a kubanki. Amayi, zaka zitatu zonsezi ine ndakhala ndikuwapatsa malume ndalama pamanja, nditagwada, monga munandiphunzitsira.

Malume atabwera kudzationa ndinawapatsa fomu ya kukhonsolo yoti asaine. Anaiwerenga chiimirire, jekete osavula.

"Mwana wa mlongo wanga andisainitse ngati munthu wapadera? Kenako abomawo adzayendere nyumba yanga?"

Ndinapepesa. Anaipinda fomuyo n'kuika m'thumba, nachoka tiyi osamwa.

Dzulo kunabwera bambo wina wataye, ali ndi kiyi wakewake. Anayeza zipinda zonse n'kujambula, mpaka pogona Tadala. Malume sakuyankha foni.

Chonde muwaimbire inuyo, mawu anu amawamva. Musawakalipire, mungowafunsa ngati nyumbayi ikugulitsidwa. Popanda siginecha yawo, palibe pepala losonyeza kuti ndinalipirapo lendi ngakhale mwezi umodzi.

Mulungu akusungeni. Mutipempherere, chisanu chayandikira, ndipo kiyi wa chitseko chathu tsopano ali ndi munthu amene sindikumudziwa.

Ndine mwana wanu,
Chisomo