Mukamulandire Fauziya pa Balaka

Okondedwa achemwali anga a Lukiya,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Ntajako, inu ndi alamu pamodzi ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Kuno ku Joni tili bwino, Alhamdulillah, kupatula chimfine chimene chabwera ndi kuzizira.

Mudabwa kuona kalata chonsecho tinalankhulana pa foni posachedwapa. Tsiku lija mawu ndinali nawo, koma nditamva amayi akuseka chapatali anandikanika kutuluka. Ndiye ndalemba, ndapatsira a Hassani onyamula katundu aja.

Nyumba ija tinkakhalamo tinatulukamo. Paja ndinakuuzani kuti kale inali maofesi a kampani ya inshuwalansi, ndipo kampaniyo itasamuka anthu tinalowamo n'kugawana zipinda ndi mapulanga. Ife tinali pamwamba, m'chipinda chimene pachitseko panali padakali dzina la bwana wina. Chikepe chinali chakufa, madzi tinkakwera nawo pamutu, koma munali anthu. Mmene mabwana ankachitiramo misonkhano ndi mmene tinkaswaliramo ngati mzikiti, ndipo pa Ramadani futari tinkadyera pamodzi, ngakhale Akhristu ankabwera ndi mbale zawo. Mwana wanu Fauziya anaphunzirira kuyenda m'makhonde amenewo.

Tsopano nyumbayo anagula anthu ena, akuikonza kuti ikhale mafulati a anthu olemera. Sindinganame, sanatithamangitse ngati agalu, anatipatsa nthawi yofuna kwina. Komabe tinabalalika, ndipo poti kwa eni kulibe mkuwe, tinangomanga katundu.

Chodabwitsa n'chakuti bambo a Fauziya, a Swaibu, awalemba ntchito yoika matailosi momwemo. Akuti chipinda chathu anagumula khoma n'kuchiphatikiza ndi cha oyandikana nawo. Pamene panali matiresi athu pakubwera bafa, padenga pamene tinkayanika zovala akumanga dziwe losambiramo. Tsiku limene anagwira ntchito m'chipinda chimenecho, atabwera anandiuza kuti matailosi a mmenemo awayala bwino kuposa kwina konse, ndipo chifukwa chake sakuchidziwa.

Fauziya atamva kuti bambo ake akukonza nyumba ija, anaganiza kuti akukonzera ife. Anawapempha kuti chipinda chake achipake utoto wachikasu, ndipo tsiku lililonse ankafunsa ngati amaliza. Ife tinkangomuyankha kuti zatsala pang'ono.

Kumene tili pano ndi chipinda chimodzi, tagawana ndi banja lina, pakati taika nsalu. Ine ntchito ndikugwirabe kwa Amwenye aja, ndimachoka m'mawa n'kubwera madzulo. A Ethel amene ankandisungira mwanayu anapita ku Durban, ndipo sukulu ya kuno sakumulandira chifukwa cha mapepala. Ndinkamusiya kwa mayi wa banja linalo, koma nayenso ali ndi khanda.

Lachiwiri lina ndinabwera n'kupeza mwana palibe. Achemwali, tinathamanga misewu yonse tikufunsa. Amene anamupeza ndi a Blasius a kwa Kalembo, amene amagulitsa zipatso pamsewu. Anali ataima pampanda wa nyumba ija, akuuza alonda kuti amutsegulire poti kwawo ndi mommo. Anadutsa yekha misewu ya magalimoto imene ine ndemwe ndimaopa. A Blasius anamupatsa nthochi n'kumubereka mpaka kunyumba.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikufuna Fauziya abwere adzakhale ndi inu, ayambe sukulu ndi madrasa pamodzi ndi Sumaiya wanu. A Swaibu poyamba anakana, koma kuchokera tsiku limenelo avomera. Akazi awo a Blasius akubwera kumudzi mwezi wamawa ukatha, ndipo avomera kumutenga. Adzatsikira pa Balaka. Ngati mwalola, tsiku ndidzakuuzani pa foni kuti mukamulandire. Muwafotokozerenso amalume a Pitala, asadzamve kwa anthu. Ndikudziwa kuti nanunso muli ndi anu, ndipo chaka chino simunakolole bwino. Ngati n'zosatheka mundiuze mosabisa, sindikhumudwa.

Chiyao amamva koma amayankha mosakaniza ndi Chizulu, anzake asamuseke kwambiri. Nkhuku yamoyo amaiopa. Akadwala sanena, amangokhala chete, ndiye muzimugwira pamphumi.

Dzulo ndinamukhazika pamiyendo n'kumuuza zoona, kuti nyumba ija si yathu ndipo sitidzabwereramo, komanso kuti mwina apita kwa agogo. Sanalire. Anandifunsa ngati kwa agogo kuli masitepe. Nditamuuza kuti iyayi, anati, “Nanga ndizikakwera pati kuti ndizikuonani mukamabwera?” Ndi pamene ndinadziwa kuti masiku onse aja m'nyumba ija ankaima pawindo kundidikira ndikamaweruka. Ndinamuuza kuti kuseri kwa nyumba ya agogo kuli chulu chachikulu, ndipo ukakwerapo msewu wa ku Liwonde umaoneka. Choncho mukamuona pachulupo madzulo musamukalipire. Muzingomutumira Sumaiya akakhale naye, mdima ukayamba atsike onse.

Moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka ndaika m'chikwama cha a Hassani. Moni kwa alamu, kwa amalume a Pitala ndi azakhali, kwa achimwene a Yunusu ku Nayuchi, ndi kwa ana onse. A Swaibu akupereka moni. Muzitikumbukira pa dua.

Ndine mng'ono wanu,
Ramla