Musamukweze Basi Mng'ono Wanga

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga kufikira lero. Kodi muli bwanji? Bondo lija likukulolani kuyenda? Mankhwala aja mukumwa, kapena mwawabisanso m'sutikesi kuti asathe msanga? Kuno tili moyo. Mdzukulu wanu wayamba kuyankhula, ndipo mawu amene wawagwira bwino ndi akuti ayi. Ine ntchito yosita zovala ndikadali nayo, ngakhale nthunzi ikundiphika manja.

Kalatayi si ya nkhani zabwino. Ndaiyamba kangapo n'kuing'amba. Lero ndapemphera, ndipo ndilemba zonse mmene zilili, ndi zanga zomwe.

Chaka chatha ndinakuuzani kuti akamwini anu asiya ntchito ya m'sitolo n'kuyamba bizinesi ya pa intaneti. Sindinakufotokozereni bwino. Anatsegula tsamba lokhala ngati shopu yopanda katundu. Amalembapo zotamanda mafuta odzola a kampani ina yakutali. Munthu akawerenga, n'kudina pa linki, imene ndi kakhomo kopita ku kampaniyo, n'kugula, iwo amalandira kangachepe kotchedwa komishoni. Mafutawo sitinawagwirepo m'manja. Ngakhale fungo lake sitilidziwa.

Miyezi yoyamba palibe anagula. Ndiye anapita kwa mnzawo wina amene amakhalira laputopu pa malo ometera tsitsi, anthu amangoti a Pulofesa. A Pulofesawo ataona tsambalo anaseka mpaka kutsokomola. Anati tsamba lavala zaulere ngati mwana wamasiye, ndani angakhulupirire munthu wovala choncho. Anati agule thimu yolipira, ndiko kuti chovala cha tsamba, ndi mapulagini, tizida tolumikiza kuti tsamba lizichita zodabwitsa. Makina osokera amene munandipatsa aja anapita pamenepo. Ndinavomera ndekha, chifukwa ndinkafuna kuona bambo a mwana akuyenda ngati amuna anzawo.

Thimu itabwera, tsamba linakongoladi, Amayi, ngati sitolo ya magalasi. Koma linabwera ndi mabokosi opanda kanthu, ofuna nkhope za anthu opereka umboni. Pulagini ina inali yosanjikiza zithunzi ziwiri. Ukakoka chala pa foni, chithunzi cha munthu asanadzole chimafufutika, n'kutuluka cha atadzola.

Apa ndi pamene pali tchimo langa. Bambo a mwana anandipempha kuti ndilembe mawu a umboniwo, poti Chingerezi changa cha kusekondale n'chowongoka kuposa chawo. Ndinalemba Lamulungu masana, nditangochoka kutchalitchi, zovala zakwaya ndisanavule. Ndinapeka mayi amene kulibe. Ndinalemba kuti ankachita manyazi kutuluka panja, kuti mwamuna wake sankamuyang'ananso kumaso, kuti mafutawa anamubwezera banja. Ndinadziwa kuti ndi umboni wonama, ndipo lamulo la Mulungu ndinaliloweza. Ndinadzitonthoza kuti munthu wopeka sapwetekedwa.

Patapita masiku, m'mawa ndisanasambe, anandiitanira pawindo kuti andijambule. Mukudziwa mawanga akuda amene ananditulukira m'masaya ndili woyembekezera, sanachoke mpaka lero. Ndinafuna kuti ndidzole kaye, iwo anati ayi, ndili bwino choncho. Mtima wanga unakondwa, Amayi. Chichitireni ukwati anali asanandijambulepo. Ndinamwetulira, anati ndisamwetulire. Ndinaganiza kuti ndi nthabwala.

Ndinazidziwira kutchalitchi. Titamaliza kuphunzira nyimbo, atsikana a kumbuyo anaunjikana pa foni, akuseka mobisa pakamwa. Ndikudutsa, wina anandipatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kupinda bondo, koma ananditchula kuti Anti Bifo. Anzake anagwa nako kuseka. Pa Chingerezi mawuwo amanena chinthu chisanakonzedwe. Sindinamve kanthu, ndinayankha moniwo bwinobwino.

Amayi busa ndiwo anandikokera m'kachipinda kosungira mipando n'kundipatsa foni yawo. Ndinaona nkhope yanga ya pawindo ija, mawanga atawadetsa kuposa mmene alili, pansi pake mawu anga omwe aja. Anandiuza kuti ndikoke chala. Ndinakoka. Nkhope yanga inafufutika pang'onopang'ono, n'kutuluka ya mng'ono wanga, chitsirizira wanu. Mphumi ndi imodzi, mpata wa mano wa malemu abambo ndi womwewo. Amene satidziwa angalumbire kuti ndi munthu mmodzi amene Mulungu wamukumbukira.

Amayi busa sanandifunse ngati ndili bwino. Anafunsa ngati mafutawo amagwiradi, poti anali ataitanitsa kale. Nditawauza zoona, nkhope inasintha. Anati munthu wochita nawo umboni wonama sangaime kutsogolo kwa mpingo, ndiyambe ndakhala pansi mpaka akulu akambirane. Sindikuwada, ananena zoona. Koma mtsikana wa moni uja akuimbabe, ndipo waima pa malo anga.

Kuntchito nako zafika. Mayi wina wobweretsa masuti a amuna ake anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati ndinasiya kudzola, poti ndabwerera mwakale. Abwana anamva. Tsopano andichotsa pa kauntala, ndimasitira kumbuyo kufupi ndi makina ochapira, kumene kulibe windo. Ati makasitomala asamasokonezeke.

Kunyumba ndinawapeza bambo a mwana akudya, laputopu ili pambali pa mbale. Ndinafunsa modekha, monga munandiphunzitsira. Sanasiye kutafuna. Anati tsamba limenelo ndi lokhalo limene likubweretsa komishoni, ndipo chimene ndikudya ine ndi mwana chikuchokera pomwepo. Anati laisensi ya pulagini analipira ya chaka chonse, ndiye sangaizimitse chifukwa cha misozi. Anati ndizithokoza, nkhope yanga yapeza ntchito koyamba chibadwire. Nditati mawuwo ndi abodza, anatembenuza laputopu, n'kuwerenga mzere ndi mzere mokweza, akundifunsa kuti wabodza ndi uti. Atafika poti mwamuna wake sankamuyang'ananso, anandiyang'ana n'kunena kuti apa ndiye ndinalemba ngati mneneri.

Ndinkaganiza kuti chithunzi cha mng'ono wanga anachiba mu foni yanga. Ndinawauza kuti mng'ono wangayo akadzamva adzalira. Apa ndiye anaseka zenizeni. Anandionetsa zithunzi zambiri zimene ine sindinazionepo. Mng'ono wanga wavala diresi yachikasu imene ndinamugulira ndekha, waima pakhomo panu, pafupi ndi mpando wanu wosokedwa ndi waya uja. Anati amatumiza yekha, iwo n'kumamuikira mayunitsi. Anati akamuuza kuti atembenukire kudzuwa, amatembenuka, sachita makani ngati anthu ena. Ndipo anati wogwira foni pojambula ndinu, Amayi.

Mawu amenewo ndawanyamula sabata yonse ngati khala la moto m'chikhatho. Mwina ananena kuti andipweteke. Mwina munajambula osadziwa kumene zikupita, poti mwana akati ndijambuleni, mayi amajambula. Ndikupemphera kuti zikhale choncho.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Agulanso pulagini ina, ya mavidiyo. A Pulofesa awauza kuti zithunzi zatha fasho, anthu akufuna kuona munthu akuyankhula, botolo lili m'manja. Ndiye akufuna mng'ono wanga abwere kuno mwezi ukatha, azikhala nafe, azijambulidwa tsiku ndi tsiku. Ati tikiti ya basi atumiza kwa inu. Nyumba yathu ndi chipinda chimodzi chodulidwa ndi nsalu. Ine ndimachoka m'mawa, kubwera dzuwa litalowa. Iwo amakhala pakhomo tsiku lonse. Ndinafunsa kuti nanga ine malo anga ndi ati. Anayankha osakweza maso kuti ndisade nkhawa, munthu ukagula thimu yatsopano, yakale sutaya, umangoizimitsa, imakhala pomwepo mwina tsiku lina n'kufunika.

Ndiulule zinanso, chifukwa sindifuna kuoneka woyera pamaso panu. Ndapempherapo kuti mwana wanu atuluke ziphuphu nkhope yonse. Ndinanena amen ndisanazindikire chimene ndapempha. Ndalapa, koma pemphero limabwera lokha ndikamasita. Nthawi yopuma ndimabisala kuseri kwa makina n'kutsegula tsambalo. Ndimakoka chala, ine ndichoke, iye abwere, ndibwezenso, kufikira mayunitsi atatha. Madzulo bambo a mwana amasangalala kuti alendo a patsamba achuluka. Sadziwa kuti mlendo wina ndi mkazi wawo. Dzana mdzukulu wanu anatenga foni n'kukoka ndi kachala kake. Nkhope ya azakhali... ayi, ya mayi ake aang'ono itatuluka, anaipsompsona n'kunena kuti mama. Sindinamumenye. Ndinangotuluka kukaima pa mpopi.

Ndikudziwa kuti maso anu salolanso zilembo zazing'ono, ndipo wokuwerengerani kalatayi ndi iyeyo. Iwe mng'ono wanga, usadumphe mzere, Mulungu akuona pepalali. Ndinakubereka kumsana, ndinakuphunzitsa kulemba dzina lako. Sindikuti unadziwa zonse. Mwina anakuuza kuti udzatchuka, kuti kuno kuli ntchito. Koma mawu anga unawawerenga pansi pa nkhope yanga, ndipo unatumizabe china. Dziwa kuti pulagini ija ili ndi malo awiri okha. Wa kumanja, wa atadzola uja, sakhalitsa. Udzabereka nawenso, udzadwala, dzuwa lidzakuwotcha, ndipo munthu uyu adzakuitanira pawindo m'mawa usanasambe.

Amayi, pempho langa ndi limodzi. Sindikupempha kuti mumukalipire, kapena kuti muitanitse akuluakulu. Tsambalo lisiyeni, manyazi ake ndawavala kale. Tikiti ikafika, musamukweze basi. Muuzeni mkamwini wanu chilichonse, kuti bondo lakula, kuti mulibe wokutungirani madzi. Inu akumverani, poti amafuna kuoneka waulemu kwa apongozi. Ine ndikakana amati ndi nsanje ya munthu wonyansa. Munkatiuza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndikukhulupirira, koma fupa limathyoka, Amayi.

Mukasankha kumutumiza, mundiuze tsiku. Ndidzapempha chilolezo kuntchito, ndikamuchingamire ndekha, chifukwa tauni saidziwa ndipo ndi mwana wa mayi anga. Ndidzamusenzera chikwama, ndidzamuyalira pogona. Sindidzakufunsaninso amene anagwira foni. Ndidzakhala nditamva yankho.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, muwauze kuti magalasi aja ndikuwafunafunabe. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi ana onse. Moni kwa azakhali, ndamva za chifuwa chawo ndipo ndikuwakumbukira m'mapemphero. Iwe wowerenga, nawenso landira moni, ndakupatsa ndi mtima umene ndili nawo lero. Mundipempherere kuti ndisaume mtima.

Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Make mwana