Crisanto Akufuna Kumasaina M'malo Mwanga

Okondedwa achemwali a Luzviminda,

Kaya inu ku Dubai'ko? Ine ndilipo.

Mwana wanga Crisanto wandipezera chipinda cha tchuthi m'hotela ya kunyanja ku Batangas, chogula kwa mwini wake wakale, chogonamo sabata imodzi pachaka. Ndinakondwa. Koma chikalata chimene wabweretsa chikuti iye azisaina m'malo mwanga pa zonse, osati chipinda chokhacho. Ngakhale munda wanga wa kokonati ulimo.

"Tatay, bambo anga, inunso kukayikakayika! N'zongofulumizitsa basi," akutero.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, wayamba kugawa zamasiye mwini wake akupumabe?"

Dzana ndinamuona m'mundamo ndi alendo awiri, akulozerana malire. Zinazo sindingalembe.

Adzukulu wasiya kubwera nawo Lamulungu. Awasunge, koma ine sindisaina.

Ndine mlongo wanu,
Dominador