Katani ya M'chipinda cha Nsalu

Lachisanu, 8 Malichi

Makatani otchinga dzuwa aikidwa m'nyumba yathu yosungiramo zakale. Otuwa, okhuthala, okweza ndi chingwe. Pokonzanso nyumbayi amisiri anazula matabwa akale oboolaboola a m'mawindo n'kuikamo magalasi, dzuwa n'kumalowa ngati kwawo. Tsopano chipinda changa cha nsalu changoti bii.

Abwana, a Si Mfeddal, aika kachigamba ka ubweya wabuluu pambali pa nsalu yathu yaikulu, theka lake lophimbidwa. Dzuwa likamalowa, theka la poyeralo lisuluka. Ati: "Iwe Layachi, kameneka ndi kazitape wanga. Ukakweza katani kandiuza, ndipo makiyi ubweza." Zaka 19 ndikulondera nsaluzi, lero wondilondera ndi kasanza. Zandipweteka.

Lachisanu, 5 Epulo

Kunabwera Lalla Batoul mapemphero a masana atatha. Zaka 84, ndodo m'manja. Mwana wawo Naziha anangowafikitsa pakhomo. Nyumbayi inali ya bambo a Lalla Batoul, ndipo mzinda wonse wa Tetouan ukudziwa kuti nsalu yaikuluyo anaipereka ndi gogoyu. Mayi awo anaipeta ndi ulusi wa silika zaka zitatu, yoti akakoleke pagalasi la mkwatibwi tsiku la ukwati wa mwana wawoyu. Maluwa ofiira ngati mkati mwa chipatso cha khangaza.

Anaima pakati pa chipinda. "Kodi kwagwa maliro muno, mwanangu? Takweza chinsalu chakocho." Ndinakana kawiri. Kachitatu anati: "Mtembo wa mayi ako ndinasambitsa ndine. Lero ukundimana dzuwa m'nyumba ya bambo anga?"

Kazitape ndinam'ponya m'thumba, katani n'kukweza. Mphindi khumi zokha, kuti aone maluwa awo.

Lachisanu, 14 Juni

Lachisanu lililonse tsopano, ngakhale mwezi wosala kudya sanajombe. Mphindi khumi zija zinakula n'kukhala ola. Amakhala pampando wanga pansi pa windo, osalankhula. Dzuwa limawadutsa paphewa n'kukagwera pansaluyo. Ine pakhomo, makutu ali kumasitepe.

Andibweretsera timakeke ta amondi. Ndatiika pambali osadya.

Zhor, mkazi wanga: "Akakuchotsa ntchito, tidzadya maluwa a silikawo?" Akunena zoona, n'chifukwa chake ndinam'kalipira.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Pochotsa fumbi ndinatembenuza m'mphepete mwa nsalu, mopindidwa muja. M'kati kufiira kwake kwa kale. Kunja kwasuluka, makamaka mbali ya kuwindo. Mlendo sangaone. Ine ndaona. Mtundu ukachoka pa silika subwereranso, palibe mmisiri woubweza.

Masana, a Si Mfeddal anavundukula kazitape. Mbali zonse ziwiri buluu wofanana. Anandigwira paphewa: "Mukanakhala awiri otere, bwenzi ndikupuma." Ndinalakalaka akanandimenya mbama.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Milungu iwiri sanabwere, chifuwa. Lero abwera ndipo ndakana. Ndinawauza kuti maluwa a mayi awo akufa, ndipo wowapha ndi ine. Anatambasula dzanja ngati akufuna kuwasisita. Analitambasulira kukhoma lopanda kanthu. Nsalu ili kumbuyo kwawo.

Ndinatsika kukafunsa Naziha. Anandiyang'ana modabwa: "Simunadziwe, achimwene? Amayi saona chilichonse kuyambira chaka chatha. Nyumbayi amaiyenda ndi mapazi okha."

Ndinakwera ndili ndi ukali. Miyezi isanu, ntchito yanga ili pachingwe, chifukwa cha munthu wosaona! Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati: "Maluwawo ndili nawo m'mutu, mwanangu, sindinakupemphe kuti ndiwaone. Mayi ankapetera pomwe pali mpando wakopa, ine nditakhala pamapazi awo. Dzuwa likandifunda pakhosi, ndimamva ngati abwera."

N'zoona. Sananenepo zoti akufuna kuona. Ndine ndinaganiza choncho, osafunsa.

M'kabati muli nsalu zakuda zisanu ndi imodzi, zimene timaphimbira zinthu pokonza magetsi. Imodzi yokha ikanakwana. Iwo dzuwa lawo, maluwa mthunzi wawo. Ndinatulutsa imodzi, kuphimba, kukweza katani. Anakhala ola lawo. Ine ndinalira mwakachetechete, koma wakhungu sabisiridwa misozi. Pochoka anati: "Mulungu akuchitire chifundo monga unandichitira." Mawu amenewo andilemera kuposa chipongwe.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ndafika m'mamawa. Ndasesa, ndapukuta magalasi. Makiyi ali patebulo, kazitape pambali pake, wabuluu bwinobwino, mboni yonama imene ndinaiphunzitsa ndekha. Zhor sanandiyankhule, koma malaya oyera anandisitira.

A Si Mfeddal ndiwaonetsa m'mphepete mopindidwa muja ndisananene chilichonse. Ndikatero ndipempha chinthu chimodzi: wodzatenga makiyiwa, kaya ndi ndani, auzidwe za Lachisanu. Nsalu yakuda ili m'kabati, shelefu yachiwiri. Mpando usachotsedwe pansi pa windo. Lalla Batoul amakonda kuti munthu asawalankhule mpaka dzuwa lita

Abwana akukwera masitepe.