Soda mu Mkaka wa 1996

Bvumbwe, Thyolo
9 Julayi 2008

Mwana wanga Lestina,

Kalatayi ikukhudza apongozi ako, a Blackson. Koma poyamba, muli bwanji ku Mzuzuko, iwe, amuna ako ndi ana? Kuno chiperoni chatikwana, ndipo chifuwa changa sichikumvanso mankhwala. Kuchipatala angoti ndizikapuma kunyumba. Ndamva chimene akutanthauza.

Ukukumbukira chaka chimene a zaumoyo a boma analanda mkaka pagulu lathu la alimi a ng'ombe. Anthu amati wolakwa ndine. Iwenso sunandifunsepo.

Magetsi anazima masiku awiri, mkaka m'thanki n'kuyamba kusasa. Ine ndinali wotsuka zigubu chabe. Ndinauza a Blackson, amene anali tcheyamani, kuti tiutaye. Iwo anati ndithiremo soda kuti kuwawasa kusamveke, tikagulitse m'malaini a antchito a kuesiteti, poti othyola tiyi sasankha. Ndinathira ndi dzanja langali. Zimenezo sindikana.

Ana a m'malainimo anatsegula m'mimba. Wa mayi Esnat anagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu. A boma atafika anatsanulira mkaka wotsalawo m'dzenje, n'kuthira palafini pamwamba kuti munthu asatungemo. Atafunsa kuti mwini nkhani ndani, a Blackson anandiloza, amvekere madala awa satsuka zigubu, soda ndi nzeru zawo.

Ndinangoti duu, chifukwa chinkhoswe chako ndi mwana wawo chinali Loweruka lomwelo. Mayi ako anali atasoketsa kale zovala. Anandigwira mkono kuti ndisakuwonongere banja, ndipo chinsinsichi anapita nacho kumanda.

M'gulu anandichotsa. Mpaka lero ana amene nthawiyo anali asanabadwe amandikuwiza pamsewu kuti a Chambiko. Mayi Esnat akandiwona amapatuka. A Blackson tikakumana kutchalitchi amati mwadzuka bwanji asewere, ine n'kuyankha bwinobwino ngati chitsiru.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa adzukulu anga, Triza ndi Dan, uwauze kuti mapeyala awo ndikuwasungira.

Chopempha changa n'chimodzi. Kupepesa kwa kuseri kwa nyumba sindikufuna. Ubwere ndi amuna ako, mukawatenge bambo awowo. Akaime pathanki paja m'mawa, alimi ali pamzere ndi zigubu zawo, mayi Esnat ali pomwepo, anene kuti soda analamula ndi iwo. Ine ndidzanena kuti ndinathira. Akakana, asadzaponye dothi pabokosi langa.

Usachedwe, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Goodson Namakhwa